Apa Musawawerengere Bambo

Chipangali, Zambia
14 Ogasiti 2023

Wokondedwa mwana wanga Hellen,

Landira moni wochokera kuno ku Chipangali. Ine ndi mayi ako tili bwino, Ambuye akutisunga. Kaya iwe ndi mdzukulu wanga Irene kumeneko ku Kawale? Umuuze kuti agogo ake akufuna kumva za mayeso, za nsapato zatsopano anamva kale.

Usadabwe kuona kuti dzanja si langa. Masiku ano ine ndimalankhula, mayi ako n'kumalemba. Ndinagwira choko zaka makumi atatu ndi zisanu, ndiye zala zapempha tchuthi.

Ntchito ikuyenda bwino. Pa zaka ziwiri zimene mpingo unatituma kuno, yatsala miyezi isanu ndi itatu. Timayendera timipingo tinayi pa njinga yamoto ya mishoni, ine kutsogolo, mayi ako kumbuyo. M'kalasi ya ubatizo muli anthu 23, ambiri ndi alimi a mtedza amene amabwera ndi dothi m'zikhadabo koma sajomba. Abusa Mwanza, amene amatiyang'anira kuchokera ku Chipata, adzawabatiza pa Pasaka. Ndikadzaona tsiku limenelo ndidzabwerera kwathu mtima uli m'malo.

Anthu kuno amatilemekeza mpaka manyazi. Mwezi watha a Gabrieli Zulu, mkulu wa mpingo, anatsogolera akhristu kundandalika miyala m'mbali mwa njira yochokera kunyumba kwathu kukafika kutchalitchi, n'kuipaka laimu. Kwathu zoterezi amachitira nduna ya boma.

Yankho lako upatse a Fackson a lole ya mtedza, omwewa akubweretsera kalatayi. Iwo amasiya makalata pa sitolo ina ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndipo aliyense wobwera kuno amatitengera.

Ndine bambo ako,
Boaz Kamwendo

Hellen, apa ndi ine mayi ako. Bambo ako akuganiza kuti kalata yathera pamwambapo. Zala zawo zili bwinobwino, dzulo lomweli amasenda nazo mtedza. Vuto ndi maso. Chiyambire Isitala yatha akuona ngati muli utsi, ndipo zilembo sakuziona n'komwe. Andiletsa kuuza munthu. Pa pepala limene tinasaina tisananyamuke analemba kuti mmodzi akadwala tonse awiri tibwerere, ndiye akuti tipirire mpaka ubatizo.

Pa foni sindinganene. Netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu pokha, ndipo foni amagwira ndi iwo, ataikweza mawu kuti nanenso ndizimva. Makalata ako ndimawawerengera ndine. Ukafuna kundiyankha za izi, ulembe pansi penipeni, ndidzadumpha.

Dailes


Kawale, Lilongwe
3 Sepitembala 2023

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni. Ife kuno tili bwino, kungoti madzi akuvuta sabata yachiwiri tsopano. Irene wamva uthenga wa agogo ake ndipo wakwinya nkhope. Akuti mayeso ndi mu Disembala, musamufulumize.

Bambo, nkhani ya miyala ya laimu yandiseketsa. Mukadzabwera musadzayembekezere kuti ifenso tikupakirani, kuno laimu ndi wodula. Ndatumiza magalasi owerengera awiri, ena amphamvu pang'ono. Ndangoganiza kuti pa msinkhu wanu angathandize. Mundiuze za nyumba yanu, kodi denga lija anakonza mvula isanayambe?

Ndine mwana wanu,
Hellen

Amayi, apa musawawerengere bambo. Ndawerenga zimene munalemba, koma musadzidetse nkhawa chonchi. Munthu wa zaka 71 maso amachepa mphamvu, si zachilendo. Apongozi anga akale aja ankalephera kulowetsa ulusi mu singano, atagula magalasi zinatha. Komanso ndikufunseni mosabisa. Kodi si inu amene mwatopa ndi kumudziko? Paja inu simunkafuna kupita, munangotsatira bambo. Ngati mwasowa kwanu nenani, palibe amene angakusekeni. Koma musawadwalitse bambo kuti mupeze njira yobwerera.


Chipangali
9 Okutobala 2023

Mwana wanga Hellen,

Moni m'dzina la Ambuye. Tili bwino, dzuwa lokha ndi limene likutiwotcha ngati mbatata. Magalasi afika ndipo andikwana bwino kwambiri, zikomo. Denga anakonza. Kalasi ikupita patsogolo, mayi wina wa zaka 60 waloweza mafunso onse kuposa achinyamata. Utiuze ngati madzi abwerera.

Bambo ako,
Boaz Kamwendo

Hellen, ndi ine. Kalata yako inandipweteka, ndisakunamize. Ndinadumpha mawu ako monga tinapanganira, koma mawu anga ananjenjemera mpaka bambo ako anafunsa ngati ndatsamwa. Zoona sindinkafuna kubwera kuno. Koma zaka makumi anayi ndi zitatu ndili ndi munthu ameneyu, ndingamunamizire matenda chifukwa chofuna kukagona pa bedi langa?

Magalasi ako amavala pa Sabata kuti aoneke bwino. Sakuwathandiza chilichonse. Tamvera mmene timakhalira, kenaka uweruze wekha.

Tikadzuka m'mawa ndimawawerengera Malemba a tsiku limenelo katatu kapena kanayi mpaka alowe m'mutu. Mutu wawo ndiye ukadali wa mphunzitsi. Kutchalitchi ndimawatsegulira buku pamalo pake, iwo n'kumayendetsa chala pa tsamba ngati akuwerenga. Anthu akamabwera kudzapereka moni ndimayamba ndine kutchula dzina mokweza, "A Zulu, mwadzuka bwanji," kuti iwo adziwe wafika ndani. Chakudya ndimaika pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, ndiwo kumanja, madzi kumanzere.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi njinga. Msewu amauona ngati chinthu chotuwa, koma dzenje, mbuzi kapena mwana saona mpaka atafika pafupi. Ndiye timayendetsa awiri. Ndinasiya kukhala cham'mbali monga amakhalira amayi, ndimakhala chotangadza n'kuwagwira m'chiuno. Ndikawatsina kumanja amakhotera kumanja, ndikawatsina kumanzere amakhotera kumanzere. Ndikawagunda pamsana ndi chipumi, ndiye kuti aime. Tikamadutsa pamsika anthu amaseka, amati onani chikondi cha nkhalamba. Ndinawapempha kuti andiphunzitse ndiziyendetsa ndine, anati mlaliki sanyamulidwa ndi mkazi wake.

Ndinapita ndekha kukiliniki ngati ndikufunsira m'bale wanga. Namwino anati zikumveka ngati ng'ala, ndipo ku Chipata amachotsa. Anatinso munthuyo asachedwe, chifukwa ng'ala ikakhwimitsa imatha kuwononga diso. Nditawauza bambo ako anati ku Chipata n'kumene kuli Abusa Mwanza, tikakagona m'chipatala tsiku limodzi nkhani yafika kale ku komiti ya mpingo.

Kodi zimenezi ndi za munthu wosowa kwawo?

Mayi ako


Kawale
5 Novembala 2023

Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Kalata yanu yafika dzana, a Fackson akuti inakhalitsa ku Kapata. Madzi abwerera. Irene akuwerenga, ndamulanda foni. Bambo, ndakondwa kuti magalasi akukwanani. Kodi mvula yayamba kumeneko? Misewu ili bwanji?

Hellen

Amayi, apa musawawerengere. Pepani, ndinalankhula mopusa. Ndawerenga kalata yanu nditaimirira, ndipo pofika pa za njinga ndinachita kukhala pansi. Mukufuna kufa nonse awiri m'dziko la eni? Lekani kukwera chinthu chimenecho lero lomwe. Ine ndikufuna kulembera Abusa Mwanza. Bambo akwiye, adzakhululuka akuona. Ndiyankheni msanga, ndisanachite zimene simukufuna.


Chipangali
18 Disembala 2023

Hellen mwana wanga,

Moni. Kalata ino ndikulemba ndekha, bambo ako ali m'kalasi. Ndikhulupirira kuti Irene walemba bwino mayeso. Utiuze zotsatira, agogo ake akufunsa tsiku ndi tsiku.

Chonde usalembere Abusa. Ndikukupempha ngati mayi ako. Bambo ako atapuma ntchito ya uphunzitsi anakhala zaka zisanu pakhonde akuwerenga nkhuku za anthu. Unali kutali, sunaone mmene ankafotera. Kuno adzukanso. Anthu 23 aja amawatchula mayina m'pemphero mmodzimmodzi. Akamva kuti mwana wawo yemwe ndi amene wawachotsa, sindikudziwa ngati adzakuyang'anenso, ngakhale maso atachira. Yatsala miyezi itatu ndi theka.

Koma sindikubisira, tinagwa. Linali Lachitatu lapitalo, tikuchokera ku kampingo ka kutsidya kwa dambo. Mvula inali itagwa ndipo kutsogolo kunali ngolo ya feteleza. Ndinawatsina kumanja, kenaka ndinaona kuti kumanjako kuli matope, ndinawatsinanso kumanzere. Munthu ungamutsine mbali ziwiri nthawi imodzi, apite kuti? Njinga inaterereka n'kundigwera. Iwo sanavulale, anangodetsa jekete. Ine paipi ya utsi inandikanikiza pa katumba wa mwendo wamanja, ndipo panatenga nthawi kuti mwini ngolo atichotse.

Ndinawauza kuti ndangokalika pang'ono. Bala lake ndi loipa, Hellen, koma ndikutsuka ndi madzi a mchere ndipo namwino anandipatsa mafuta. Ndimavala chitenje chofika m'mapazi. Poyenda ndimatsalira kumbuyo kuti asamve kuti ndikutsimphina. Dzulo anafunsa kuti m'nyumba mukununkha mankhwala a chiyani, ndinati ndi a nkhuku.

Mlandu ndi wanga, ndinachedwa kuona matope. Lamlungu tikupitanso, ndikhala tcheru.

Mayi ako,
Dailes


Kawale
21 Januwale 2024

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni wa chaka chatsopano. Ndayesa kuimba foni kasanu konse osalowa, kaya chulu chija chinagwa ndi mvula. Nkhani yabwino ndi iyi: Irene wakhala nambala 4 m'kalasi mwawo. Masamu wapeza 78. Akuti agogo amutumizire mtedza wa ku Zambia monga mphotho. Tiuzeni za umoyo wanu.

Mwana wanu,
Hellen

Amayi, apa musawawerengere bambo. Kalata yanu ya mu Disembala yandipeza sabata yatha, mwezi wathunthu ili m'njira. Mwezi wonsewo ine ndimadya ndi kuseka, inu mukutsuka bala ndi mchere. Mukuti mlandu ndi wanu? Munthu wosaona akuyendetsa njinga yamoto, mkazi wake akumutsina m'nthiti ngati ng'ombe ya pangolo, ndiye wolakwa akhale wotsinayo? Bambo akunamiza mpingo kuti akuwerenga pamene aloweza, akunamiza Abusa, ndipo inu akukusenzetsani bodza lonselo. Ulemu wawo akuugula ndi mwendo wanu. Mawa adzagunda mwana wa munthu, tidzanena chiyani?

Ndimawakonda bambo, koma ndakwiya nawo kwambiri. Ndikukupatsani mpaka kutha kwa Febuluwale. Mukapanda kupita nawo kuchipatala, ndilembera Abusa Mwanza ndipo ndidzasaina dzina langa lonse.


Chipangali
19 Febuluwale 2024

Hellen,

Moni. Sindikudziwa poyambira. Kalata yako ya mu Januwale inafika, koma sinafikire m'manja mwanga.

Kunagwa maliro kumudzi wina, mayi wa mu mpingo mwathu. Monga mkazi wa mlaliki ndinayenera kukagona pasiwa ndi amayi anzanga masiku atatu. Bambo ako anatsala kunyumba, akazi a Zulu ndi amene ankawapatsira chakudya. Tsiku lachiwiri a Zulu anabwera kuchokera ku Chipata atatenga kalata yako ku Kapata. Bambo ako atamva kuti ndi ya Hellen sanathe kudikira, mtima unali pa mayeso a Irene. Anati, "A Zulu, magalasi ndawasiya m'nyumba, tandiwerengerani."

Iwe a Zulu suwadziwa. Ndi amene amawerenga zolengeza kutchalitchi, ndipo sasiya kanthu, amawerenga ndi deti lomwe. Zimene ndikukuuzazi anandifotokozera akazi awo, amene anali pomwepo ndi mbale m'manja. Anawerenga za Irene, bambo ako anaomba m'manja. Kenaka anawerenga kuti, "Amayi, apa musawawerengere bambo." Atatero anaima, n'kuyamba kupinda kalata. Bambo ako anati, "Pitirizani, a Zulu." Iwo anati, "A mlaliki, apa manje ndi pa amayi." Bambo ako anabwereza, "Ndati pitirizani." Anawerenga zonse mpaka pa dzina lako lonse.

Nditabwera ndinawapeza atakhala pakhonde, magalasi ako ali pansi pambali pa mpando. Sanandifunse za maliro. Anangoti, "Makalata angati?" Ndinati onse. Anati, "Mwendo uti?" Ndinati wamanja. Anatambasula dzanja ngati akufuna kukhudza, kenaka analibweza. Kuyambira tsiku limenelo mawu awo kwa ine ndi "inde" ndi "ayi."

M'mawa salola kuti ndiwawerengere. Akuti munthu wodumpha mizere ya mwana wake angadumphenso ya Mulungu. Kutchalitchi akupita okha, akutsata miyala yoyera ija, ndipo ndikawagwira mkono amauchotsa. Njinga sinayende chifukwa kiyi wasowa. Iwo akuganiza kuti ndabisa ndine, koma ine sindinamukhudze.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Diso lamanzere lafiira ngati la munthu wolira, ndipo likutuluka misozi lokha. Mutu ukuwapweteka mbali imeneyo, dzulo anasanza kawiri. Ndikatchula chipatala amatembenukira kukhoma. A Zulu sananene kanthu kwa aliyense, amangobwera, kupereka moni, n'kumapita. Ndikuopa, Hellen. Sindikukuimba mlandu, njira ya pansi pa kalata ndinayambitsa ndine.

Mayi ako


Kawale
2 Malichi 2024

Bambo,

Moni. Kalata ino ilibe za pansi. A Zulu, ngati mukuwerenga ndinu, werengani yonse, ndipo zikomo.

Bambo, mawu ena ndinalemba mwaukali, ndipo ndikupepesa kuti munawamva pamaso pa anthu. Za ng'ombe ya pangolo zija sindinayenere kunena. Koma zinazo sindibweza. Amayi sanakupandukireni. Akhala maso anu chaka chathunthu, ndipo analibe wina womuuza koma ine. Ngati mukufuna wokwiyira, ndilipo ine.

Pitani kuchipatala. Anthu 23 aja mwawaphunzitsa kale, madzi a ubatizo sadzauma chifukwa inu mwagona pa bedi. Irene akufunsa ngati agogo adzaone satifiketi yake. Ndimuyankhe chiyani?

Mwana wanu,
Hellen


Kapata, Chipata
13 Malichi 2024

Hellen mwana wanga,

Moni. Tili ku Chipata. Ine ndikugona kwa mlongo wawo wa a Zulu kuno ku Kapata, bambo ako ali m'chipatala. Kalata yako ndaipeza pa sitolo pompano, inali isananyamuke. Ndawawerengera yonse, ndipo anandiuza kuti ndibwereze.

Zinachitika Lamlungu pa 3. Bambo ako anaimirira kuti alalikire, buku lili lotsegula, koma popeza anakana kuti ndiwawerengere, ndiponso mutu unali ukuwaphwanya, mawu anawathawa pakati pa ndime. Anayambiranso, anawathawanso. Anagwira tebulo ndi manja onse awiri.

Kenaka a Zulu anaimirira. Anapita kutsogolo, anatseka buku lija mwaulemu, n'kutulutsa kiyi wa njinga m'thumba la malaya awo, kumuika patebulo. Anati, "A mlaliki, ise tinadziwa kale, chaka chatha. Tinakhala chete chifukwa munafuna kuti tikhale chete. Manje tachimwa nanu mokwanira. Galimoto ili panja." Bambo ako anafunsa kuti, "Nanga kalasi?" Mayi wa zaka 60 uja anayankha ali pansi kuti, "Mafunso tinaloweza, a mlaliki. Pitani."

Dokotala atawayeza anandiitanira pambali. Diso lamanzere lapita. Ng'ala inakhwima n'kutupitsa diso mpaka mtsempha unafa, ndipo akuti tikanabwera chaka chatha likanapulumuka. Achita zoti lisiye kupweteka basi. Paja namwino uja anandiuza mu Okutobala ndipo ine ndinasunga chinsinsi m'malo mosunga diso.

Lamanja alichita opaleshoni lero m'mawa. Bandeji achotsa mawa. Dokotala sakulonjeza kanthu.

Abusa Mwanza anabwera. Sanakalipe, koma anati pangano ndi pangano, njinga ibwezedwe ndipo tinyamuke Pasaka ikangotha. Bambo ako anavomera ndi mutu. Pamene ndimatuluka anandigwira chitenje. Upemphere.

Mayi ako,
Dailes


Chipangali
3 Epulo 2024

Wokondedwa mwana wanga Hellen,

Moni. Dzanja ili ukulidziwa, ngakhale zilembo zakula ngati za pa bolodi ndipo mizere ikutsetsereka. Ndalemba masiku awiri. Diso lamanja likuona. Lamanzere ndalisiya kuno ku Zambia.

Lamlungu Abusa anabatiza anthu 23, palibe anatsala. Ndinakhala pa mpando kutsogolo ngati mlendo. Chinandichititsa manyazi n'chakuti sindinkadziwa nkhope zawo. Ndawaphunzitsa chaka chonse ndikuwadziwa mawu okha. Atatha mapemphero ndinawapempha kuti aliyense abwere anene "moni a mlaliki," ndipo akalankhula ndinkamutchula dzina. Mayi woloweza mafunso uja ndinkamuyesa wamtali ndi wonenepa. Ndi kamunthu kakang'ono, kofika paphewa langa.

Miyala ya laimu ija ndaiona. Ndinakulembera kuti ndi ulemu wa nduna. Mwana wanga, miyalayo siyothera kutchalitchi kokha. Mzere wina ukupita kuchulu cha netiweki, wina ukupita kuchimbudzi. Ndi nduna iti imene anaikongoletsera njira ya kuchimbudzi? Ndinafunsa a Zulu, anati anaona ndikupunthwa pa chitsa mu Julayi, ndipo akhala akupakanso laimu mwezi uliwonse mvula ikamutsuka. Ine ndinkayenda pakati pake nditatukula chifuwa.

Kalata yako yomaliza ndaiwerenga ndekha. Za ng'ombe ya pangolo ndakhululuka. Zinazo unanena zoona. Uuze Irene kuti satifiketi ndidzaiona, aisunge bwino, ndipo mtedza wake tanyamula.

Tinyamuka pa 12 ndi lole ya a Fackson. Ndili ndi pempho limodzi. Makalata onse amene tinakutumizira uwasonkhanitse, usataye ngakhale imodzi. Ndikufuna ndidzawerenge ndekha zimene zinalembedwa pansi pa dzina langa.

Ndine bambo ako,
Boaz Kamwendo

Hellen, mayi ako awerenga kalatayi ndipo akuganiza kuti yathera pamwambapo. Apita kukatsanzikana ndi amayi a mvano.

Dzulo ankachapa kuseri kwa nyumba atakwinya chitenje, osadziwa kuti ndaima pakhomo. Ndinauona mwendo. Chipsera chake ndi chachikulu ngati chikhatho changa, chakuda m'mbali, pakati poyera, ndipo mnofu unalowa m'kati. Akaponda amayamba ayeseza kaye. Pa mwendo umenewo anakwera njinga Lamlungu lililonse mpaka mu Febuluwale, atandigwira m'chiuno, ine ndikuimba nyimbo kutsogolo. Diso ndataya linali langa, ndinalitaya ndekha ndi mwano wanga. Mwendo uja sunali wanga.

Ndinalowa m'nyumba ndipo ndinalira, ndikukuuza iwe wekha. Kupepesa ndayesa katatu, nthawi zonse amandidula kuti tiyi akuzizira. Ndiye ndawauza kuti kuyambira mawa m'mawa, iwo azikhala pa mpando mwendo uli pa mtondo, Malemba ndiziwawerengera ndine.

Anandiyang'ana, kenaka anati, "Chabwino. Koma musadumphe mizere."